Utsi wa m'babu ukutha ana

M'chaka cha 2007, ku Lavender Hill mumzinda wa Cape Town, mayi wina adapha mwana wobereka yekha atatopa ndi umbava ndi nkhanza zake. Mnyamatayo adali kapolo wa tik, dzina limene kumeneko amatchulira mankhwala ozunguza bongo a methamphetamine. Ku Zimbabwe amati mutoriro.

Ambiri amasutira mankhwalawa m'galasi la babu lamagetsi. Utsiwo umasefukiritsa dopamine muubongo, munthu n'kumva nyonga ndi chimwemwe chonama. Amatha masiku osagona, osamva njala. Kenaka thupi limalipira: mtima umagunda mothamanga, BP imakwera mpaka sitiroko, mano amaola. Ena amadzikanda mpaka zilonda poganiza kuti tizilombo tikuyenda pakhungu, ena amamva mawu popanda wolankhula, nayamba kukayikira ngakhale makolo awo.

Ife amene ana athu adapita ku Joni kukasaka ntchito, tisabise vutoli poopa manyazi kumpingo. Tikamva kuti mwana akuwonda, sakugona, akusowetsa katundu m'nyumba, timupempherere, komanso tionetsetse kuti wafika kuchipatala msanga. Kusiya n'kotheka, ngakhale ambiri amagwa kangapo asanaimiretu. Tisatope kumudzutsa.