Jalen Hurts: anamuika pabenchi dziko likuonerera, koma sanachoke

Usiku wa pa 8 Januwale 2018, mumzinda wa Atlanta ku America, timu ya yunivesite ya Alabama inapita kokapumulira ikutsalira ndi mapointi 13 kwa 0 pa masewero olimbirana chikho cha dziko lonse ndi timu ya Georgia. Pobwerera m'bwalo, mphunzitsi Nick Saban anatulutsa Jalen Hurts, mnyamata wa zaka 19 yemwe anali atatsogolera timuyo kwa zaka ziwiri n'kugonja kawiri kokha. M'malo mwake analowetsa Tua Tagovailoa, wophunzira wa chaka choyamba. Alabama inapambana 26 kwa 23 pa nthawi yowonjezera, ndipo makamera anaonetsa Hurts akukondwera limodzi ndi mnzake yemwe anali atangomulanda malo.

Mpira wa ku America ndi wosiyana ndi wamiyendo. Umaseweredwa kwambiri ndi manja, ndipo kuukira konse kumadalira munthu mmodzi wotchedwa quarterback. Iyeyu ndiye amalandira malangizo kwa aphunzitsi, kuwafotokozera anzake, kenako kuponya mpira kapena kuthamanga nawo. Malowa ndi amodzi okha m'bwalo, ndipo sasinthana kawirikawiri. Ngakhale osewera ake ndi ana asukulu, bwalo la Alabama ku Tuscaloosa limalowa anthu oposa 100,000. M'zaka zimenezo osewerawa sankalandira malipiro, kupatula maphunziro aulere, malo ogona, chakudya ndi kandalama kochepa kodzithandizira. Chuma chenicheni chinali kutsogolo, mu ligi ya NFL, ndipo matimu a kumeneko amasankha munthu potengera zomwe amuona akuchita m'bwalo. Choncho kukhala pabenchi kunali kuika tsogolo lonse pachiswe.

Hurts anakulira m'nyumba ya mphunzitsi. Bambo ake, a Averion Hurts, ndi omwe ankamuphunzitsa mpira kusekondale ya Channelview, kufupi ndi mzinda wa Houston. Atafika ku Alabama mu 2016 anakhala wophunzira woyamba wa chaka choyamba kutsogolera timuyo kuchokera mu 1984. Anali wamphamvu ndi waliwiro, koma kaponyedwe kake kanali kopelewera. M'chigawo choyamba cha usiku wa ku Atlanta uja anaponya mpira kasanu ndi katatu, ndipo unafika m'manja mwa anzake katatu kokha. Chiganizo cha Saban chinali chowawa, koma sichinali chopanda chifukwa.

Anthu ambiri akamafotokoza nkhaniyi amamujambula Hurts ngati munthu yemwe anameza zonse mwakachetechete. Sizinali choncho. Mu Ogasiti 2018, mpikisano usanayambe, anaima pamaso pa atolankhani n'kudandaula kuti miyezi yonseyo anthu akhala akukambirana za iye, koma palibe yemwe anabwera kudzamufunsa momwe akumvera, ngakhale aphunzitsi ake enieniwo. Ku Alabama, komwe Saban ankagwira zinthu ndi dzanja lolimba, mawu otere ochokera kwa wosewera sanali ozolowereka. Mu Seputembala zinadziwika poyera kuti Tagovailoa ndiye woyamba, Hurts ndi wachiwiri.

Khomo lotulukira linali lotsegula. Wosewera wa pakoleji ankaloledwa kusewera zaka zinayi zokha, koma chaka chomwecho bungwe la NCAA, lomwe limayendetsa masewerowa, linakhazikitsa lamulo latsopano: yemwe wasewera masewero osapitirira anayi, chaka chimenecho sichiwerengedwa. Kelly Bryant wa ku Clemson, atalandidwa malo ndi Trevor Lawrence pambuyo pa masewero anayi, anasiya timu pompo n'kudzapita ku Missouri. Palibe wanzeru angamunyoze, popeza chimenecho chikanakhala chaka chake chomaliza. Hurts naye akanaima pa masewero anayi n'kusunga zaka ziwiri zokasewera kwina. Iye analowa m'masewero achisanu, n'kutsala ndi chaka chimodzi chokha.

Apa ndi pomwe pagona nkhani ya chikhulupiriro chake mwa aphunzitsi. Hurts sanakhulupirire kuti iwo salakwa, poti anali atawadzudzula kale poyera. Sanalonjezedwenso kuti adzabwezeredwa malo ake. Chomwe chikuoneka kuti anachikhulupirira ndi ntchito yawo: kuti chilema chomwe chinamuikitsa pabenchi chinali chenicheni, ndipo anthu omwewo omwe anamutulutsa anali ndi luso lochikonza. Chaka chimenecho Alabama inali italemba ntchito Dan Enos kuti aziphunzitsa ma quarterback okhaokha, ndipo oonera anayamba kuona kusintha pa kaponyedwe ka Hurts m'mphindi zochepa zomwe ankapatsidwa masewero akapendekeka kale. Panalinso chifukwa china chosafuna ndakatulo: anali pafupi kumaliza digiri yake, ndipo wokhala ndi digiri ankaloledwa kusamukira kwina n'kusewera nthawi yomweyo, osadikira chaka chathunthu monga zinalili kwa ena.

Pa 1 Disembala 2018 matimu awiri aja anakumananso m'bwalo lomwe lija, polimbirana chikho cha chigawo cha SEC. Chakumapeto, Georgia ikutsogola 28 kwa 21, Tagovailoa anavulala mwendo. Hurts analowa, anaponyera Jerry Jeudy mpira wofananitsa mapointi, kenako iye mwini anathamanga nawo mpaka kugoletsa kutatsala mphindi imodzi ndi masekondi ochepa. Alabama inapambana 35 kwa 28. Saban, munthu wodziwika ndi nkhope yosasekerera, anaoneka kuti misozi yamulengeza pomwe ankamuyamikira pa kanema. Mwayi unalipo, inde, chifukwa palibe amakonza kuvulala kwa mnzake. Koma mipira yomwe Hurts anaponya tsikulo ndi yomwe inkamukanika miyezi 11 m'mbuyomo.

Atalandira digiri mwezi womwewo, anachoka mu Januwale 2019. Enos anali atapita ku Miami, mphunzitsi wina Mike Locksley ku Maryland, ndipo kunali kosavuta kutsatira mmodzi wa iwo. Saban anadzafotokoza pambuyo pake kuti Hurts anapita kukamufunsa nzeru, ndipo iye anamulangiza kupita komwe kunali osewera abwino koposa. Anasankha Oklahoma, kwa mphunzitsi Lincoln Riley, komwe anamaliza wachiwiri kwa Joe Burrow pa mphotho ya Heisman, yomwe amapatsa wosewera wopambana onse pakoleji. Timu ya Philadelphia Eagles inamutenga mu 2020 pa nambala 53. Pa 9 Febuluwale 2025 anaitsogolera kugonjetsa Kansas City Chiefs 40 kwa 22 pa Super Bowl, n'kusankhidwa wosewera wopambana wa tsikulo.

Malamulo omwe anamuzinga mu 2018 ambiri kulibenso. Kuyambira mu 2021 osewera a pakoleji amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina lawo, ndipo kusamuka sikufunanso kudikira chaka. Quarterback waluso akaikidwa pabenchi lero, sukulu zina zimamudikira ndi ndalama m'manja, moti mphunzitsi wofuna kuti wachiwiri wake akhale ayenera kuchita chomwe Hurts anadandaula kuti sichinachitike: kupita kukalankhula naye. Saban mwini anapuma pantchito mu Januwale 2024, atapambana zikho zisanu ndi chimodzi ku Alabama.