Makoteji afika kwa Malemia, ndipo njira ya kumtsinje yatsekedwa

Mwezi watha ndinapita kwathu kwa Malemia kukaona anganga. M'mawa mwake ndinanyamula ndowa kuti ndikawatungire madzi ochapira kumtsinje, monga tinkachitira tili ana. Sindinafike. Kanjira kaja kodutsa pansi pa mtengo wa mango, kamene mapazi a mbumba yathu anakapondaponda mpaka kusalala, katha mwadzidzidzi pa mpanda wa njerwa. Pamwamba pake waya, pakati geti yachitsulo yakuda.

Mlonda anatuluka akuseka mwamanyazi. Ndi mnyamata amene ndinaphunzira naye kupulayimale.

"Achimwene, apa simudutsa masiku ano. Zungulirani cha kumanda."

Kuzungulira cha kumanda ndi mphindi 20 kupita kokha. Kwa ine si nkhani. Kwa anganga, ndi mawondo awo aja, ndiye kuti mtsinje wasamuka.

Ndinasuzumira pageti. Nyumba ndi yokongola, tisanamizane: khonde loyang'ana phiri, thanki pamwamba, masola padenga, kapinga wometedwa bwino. Mwini wake amakhala ku Blantyre. Amabwera pa Khirisimasi, mwina ndi pa Isitala, basi. Masiku ena onse nyumbayo imabwereketsedwa kwa alendo a pawikendi. Usiku womwewo ndinaipeza pa Facebook, ndipo pachithunzi choyamba penipeni panali mango athu aja, atakoloweka kampando kopachika. Ndalama yogona usiku umodzi ikuposa malipiro a mnzanga mlondayo a mwezi wonse.

Anagulitsa malowo ndi amalume. Kuno kwathu nthaka imatsata akazi, ndipo amalume ngati mwinimbumba ntchito yawo inali kuyang'anira, osati kugulitsa. Koma chaka chimenecho feteleza anakwera, mwana wawo anasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, denga linkadontha. Munthu anabwera ndi galimoto ndi ndalama zakeshi. Ndikanakhala ine, kaya. Pepala la mgwirizano ndinaliona: tsamba long'ambidwa mu kope, masiginecha atatu, chidindo. Palibe pamene palembedwa za njira. Palibe amene anaganiza kuti njira ndi chinthu chofunika kuchilemba, chifukwa njira m'mudzi sinakhalepo ya munthu.

Nyumba zopumulirako si zachilendo ku Zomba. Nthawi ya atsamunda, Zomba ali likulu, akuluakulu a boma ankathawa kutentha nkukapuma m'makoteji pamwamba pa phiri, ndipo likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975 makotejiwo anatsala, pamodzi ndi hotela ya Ku Chawe. Koma pamwambapo ndi nkhalango yotetezedwa. Palibe mudzi, palibe dimba la munthu. Chatsopano n'chakuti chilakolako chomwecho chatsikira m'chigwa cha Domasi, mmene anthu amalima, amatunga madzi, amaika maliro.

Ndipo n'zomveka. Msewu wa M3 wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde ukudutsa pomwepa. Mitsinje yochokera m'mapiri a Zomba ndi Malosa ili ndi madzi ozizira. Alendo sasowa: makolo obwera ku mwambo wa omaliza maphunziro ku University of Malawi, anthu a misonkhano ku Malawi Institute of Education ndi ku Domasi College of Education, ena opita kukaona nyama ku Liwonde. Mumzinda poloti ndi yodula ndipo pulani amafunsa. Ukangodumpha malire a mzinda, ambiri amaganiza kuti zonse zimathera kwa mfumu ndi kangachepe.

Amene akufuna kuona kumene zimenezi zimathera akwere basi ya ku Mangochi. Kuchoka pa boma kulowera ku Monkey Bay, mbali ya kunyanja ndi mipanda yokhayokha: mahotela, makoteji a makampani, makoteji a mabanja. Ambiri mwa makotejiwa amakhala otseka masiku ambiri pachaka, mlonda yekha akusesa masamba. Koma msodzi wobadwira pomwepo amafunafuna kampata koti atsikire kudooko, ndipo dandaulo limeneli lakhala likumveka zaka ndi zaka. Sizinachitike tsiku limodzi. Inali poloti imodzi, kenako ina, aliyense wogulitsa ali ndi chifukwa chake chomveka ngati cha amalume.

Funso limene ndinabwerera nalo mtauni ndi ili: kodi pali amene ali ndi mphamvu yonena kuti "manga, koma njira usiye"?

Alipo, ndipo ambirife sitidziwa. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano a za malo, ndipo limodzi mwa iwo ndi Physical Planning Act, lomwe linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1988. Lakalelo linkagwira kwambiri m'mizinda ndi m'madera ochepa osankhidwa. Latsopanoli linati dziko lonse la Malawi ndi dera loyenera kukhala ndi mapulani. Kutanthauza kuti nkhani ya chilolezo chomangira siithera pa malire a mzinda wa Zomba. Imafika kwa Malemia, kwa Kuntumanji, kwa Mwambo, kudzera ku khonsolo ya boma. Ndipo m'malamulo a mapulani, chitukuko si kumanga kokha. Kusintha ntchito ya malo kapena ya nyumba nakonso kumawerengedwa. Munda ukasanduka loji, kapena nyumba yokhalamo ikasanduka bizinesi yogoneka alendo, pamenepo pali funso loti khonsolo ifunse.

Pali lamulo linanso, Customary Land Act, la chaka chomwecho. Limeneli linabweretsa makomiti a malo m'midzi: gulupu amakhala wapampando, ndiye pali anthu ena 6 osankhidwa ndi anthu a m'deralo, ndipo osachepera atatu akhale amayi. Ganizani bwino pamenepa. Malo athu aja akanadutsa pamaso pa amayi atatu a m'mudzi, amene amasenza ndowa tsiku ndi tsiku, mukuganiza kuti nkhani ya njira ikanaiwalika? Lachitatu ndi Local Government Act ya 1998, yomwe imapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo awoawo a m'dera.

Mu 2022 aphungu anasinthanso malamulo a malowa, nakhwimitsa nkhani yogulitsa malo kwa anthu omwe si nzika. Tinaombera m'manja. Komatu amene akudula mapoloti m'chigwa chathu si azungu kapena amwenye. Ndi Amalawi anzathu a ku Blantyre ndi Lilongwe, ena ali ku Joni, ena ku UK akutumiza ndalama kwa achibale kuti awagwirire malo. Lamulo la unzika siliwakhudza. Chimene chingawakhudze ndi pulani.

Kunja anthu alimbana nazo kale. Ku Wales, midzi ya m'mphepete mwa nyanja inafika poti nyumba zambiri zinagulidwa ndi anthu obwera patchuthi chokha, ana a m'mudzi nkulephera kugula kapena kuchita lendi kwawo komwe. Achinyamata akachoka, sukulu imachepa ana, ngakhale chilankhulo chawo chimayamba kuzilala. Mu 2022 boma la Wales linagawa nyumba m'magulu atatu pa malamulo a mapulani: yokhalamo nthawi zonse, yachiwiri, ndi yobwereketsa kwa masiku ochepa. Kuyambira 2023 makhonsolo analoledwa kuwonjezera msonkho wa nyumba yachiwiri ndi 300 peresenti ngati afuna. Khonsolo ya Gwynedd inapitirira: kuyambira September 2024 inati wofuna kusandutsa nyumba yokhalamo kukhala yatchuthi ayambe wapempha chilolezo. Eni nyumba ena anakasuma, ndipo mu 2025 khoti linapeza kuti ndondomeko yopangira chiganizocho sinayende bwino. Ku Barcelona, meya Jaume Collboni analengeza mu 2024 kuti ziphaso za nyumba zobwereketsa kwa alendo, pafupifupi 10,000, zidzatha pofika 2028.

Ife si Wales, ndikudziwa. Vuto lathu si loti nyumba za m'mudzi zikugulidwa. Palibe bwana wa ku Namiwawa akusirira nyumba ya anganga ya zidina. Chimene chikugulidwa ndi nthaka, makamaka ya pafupi ndi madzi, imene ndi yomweyo ya madimba. Ndipo poloti imodzi ikagulidwa pamtengo wa ku Blantyre, mitengo yonse yozungulira imadzuka. Mphunzitsi wachinyamata wa pasukulu yapafupi, kapena mnyamata wa kabaza amene wasunga timakobiri kuti amange, amapeza kuti akupikisana ndi munthu wolandira mapaundi.

Sindikuti makoteji ndi oipa. Mnzanga mlonda uja ali ndi malipiro amene analibe. Amayi awiri a m'mudzi amachapa ndi kuphika kumeneko. Alendo amagula nthochi, mapeyala, nkhuku zachikuda, ndipo mapolo a magetsi amene anakokedwa kupita pakotejipo apangitsa kuti nyumba zina zapafupi zilumikize mosavuta. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, amatero akulu. Wina akabwera nkumati tithamangitse onse, ine sindili nawo.

Chimene ndikufuna n'chaching'ono kwambiri, mwina n'chifukwa chake palibe amene amachikamba pamsonkhano wa ndale. Khonsolo, pamodzi ndi mafumu ndi makomiti a malo, ijambule pamapu zinthu zimene si za munthu mmodzi: njira za kumtsinje, madooko ochapira, zitsime, manda, malo odyetsa ziweto. Zikhale papepala munthu asanabwere ndi njerwa. Ndiye wopempha chilolezo chomanga koteji auzidwe poyera kuti mpanda wake ulekeza pati, chimbudzi chake chitalikirana bwanji ndi mtsinje, ndipo madzi akapopa ochuluka bwanji m'chilimwe pamene a kumunsi akuthirira tomato. Nkhani ya otsetsereka nayo si yoseweretsa. Namondwe Freddy mu March 2023 anationetsa pa phiri la Soche ndi ku Chilobwe zimene zimachitika nyumba zikakwera phiri popanda wofunsa.

Ndipo amene akuchita bizinesi alembedwe ngati wabizinesi. Mayi wogulitsa masamba pa Songani amadula chiphaso cha msika tsiku lililonse, alibe pothawira. Ndiye nyumba yolandira alendo wikendi iliyonse, ndalama zikulowa pafoni, izingotchedwa "kanyumba ka kumudzi"? Makhonsolo a m'maboma amadandaula za kuchepa kwa ndalama chaka ndi chaka, pomwe ndalama zina zili pa Facebook, zithunzi ndi manambala omwe.

Mantha anga ndi amodzi, ndipo ndi aakulu. Kuno kwathu lamulo likakhwima limayambira kwa wosauka. Mawa tidzamva kuti mayi wamasiye amene amachititsa lendi zipinda ziwiri kwa ophunzira a pakoleji akufunsidwa pulani yojambulidwa ndi katswiri, pomwe wa geti yakuda wangoimba foni imodzi zonse zatheka. Lamulo la khonsolo liyenera kusiyanitsa momveka: banja lomanga pokhala, munthu wochititsa lendi kwa mwezi kwa anthu okhala konkuno, ndi nyumba ya alendo a masiku awiri. Zikasakanizidwa, tidzakhala titangotsegula shopu ina ya ziphuphu. Ndipo phunziro la ku Gwynedd ndi lomwelo: eni makoteji ali ndi maloya, ndiye chilichonse chopangidwa mwachidule chidzagwa kukhoti.

Tisanamizanenso kuti mafumu onse adzakondwa. Pamene pali komiti ndi mapu, kangachepe ka usiku kamachepa. Koma ndinacheza ndi nduna ina ya mfumu, munthu wachikulire, ndipo anandiuza kuti milandu ya malo ndi imene yadzaza bwalo masiku ano, abale kutukwanana pamaso pa ana. "Mwanawe," anatero, "ife tatopa kugamula zinthu mpanda utamangidwa kale."

Ambiri mwa inu mukuwerenga izi pafoni muli ku Ndirande, ku Area 25, mwina ku Johannesburg, ndipo muli mu gulupu ya WhatsApp ya banja. Funsani mmenemo lero kuti malo a kumudzi akuyang'anira ndani, ndipo komiti ya malo kwanuko ilipo kapena ayi. Khansala amene munamuvotera mu September 2025 amakhala nawo m'misonkhano ya khonsolo, kumene malamulo a m'dera amapangidwa. Nambala yake ipezeni. Nkhani ngati iyi imayambira ku VDC, kupita ku ADC, kenako kukhonsolo, ndipo m'misonkhano imeneyi achinyamata timasowa, kenako nkumadzalira pa Facebook.

Kwathu tinayesa njira yachidule kaye. Msuweni wanga anapeza nambala ya mwini koteji uja, ndipo ndinamuimbira. Sanali munthu wamwano. Anati sankadziwa kuti panali njira, amene anamuonetsa malowo sanatchule. Anati aganizira zoika kageti kakang'ono kumbali, koma akuopa akuba komanso alendo ake amafuna bata. Mpaka lero tikudikira.

Tsiku lonyamuka, ndili pamsewu kudikira minibasi, ndinaona dobadoba wina wodziwika akulowera kunyumba kwa anganga, atatsogoza bambo wovala magalasi akuda. Madzulo ndinawaimbira. Akuti amafunsa za dimba lija la kumunsi kwa mlatho, lomwe amayi anga aang'ono amalimamo mpiru ndi chimanga chachiwisi. Anganga anawayankha kuti abwerenso Loweruka, mbumba yonse ikakhala pansi. Tikiti ya Lachisanu ndagula kale.