Kunena Zakukhosi Mphamvu Zikadalipo

Pamene matenda a Edzi anapezeka koyamba m'Malaŵi muno m'chaka cha 1985, munthu wopezeka ndi kachirombo ka HIV ankayesedwa wakufa kale. Zinthu zinasintha m'chaka cha 2004, pamene Boma linayamba kugaŵa mankhwala a ma ARV mwaulere. Lero ku Madisi, m'boma la Dowa, anthu ambiri amene ali ndi kachiromboka akulima fodya, kuphunzitsa ana ndi kukalamba monga anzawo onse. Komatu ukalamba uli ndi nthenda zake, monga kuthamanga kwa magazi, shuga ndi khansa, ndipo tsiku lina munthu angathe kugonekedwa m'chipatala ali wosatha kuyankhula.

Tsiku lotero ndilo limazunguza abale. Mkazi afuna kuti wodwala akhalebe m'chipatala, pamene malume, amene ali mwini mbumba pa mwambo wa Acheŵa, akuti abwerere naye kumudzi. Ngati wodwalayo anabisa za kachirombo, gadiyani sadziŵa za mankhwala ake, ndipo mankhwalawo amadukizidwa pa nthaŵi imene ali ofunika koposa.

Chifukwa chake munthu wanzeru amakonzeratu zinthu zitatu akadali wamphamvu. Choyamba, amasankha mbale mmodzi wosunga chinsinsi, namuuza za matenda ake, mankhwala ake ndi pamene amasunga buku lake la kuchipatala. Chachiŵiri, amanena pamaso pa banja ndi malume kumene afuna kukadwazikidwa matenda akadzakula, kaya pa chipatala cha mishoni cha Madisi, kaya pakhomo pake. Chachitatu, amalemba wilo wonena za ana, nyumba ndi ziŵeto. Lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 limafuna kuti wilo alembedwe ndi kusainidwa pamaso pa mboni ziŵiri, ndiponso limati kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ndi mlandu.

Apa aphunzitsi ndi achinyamata otsiriza sukulu ali ndi udindo waukulu, pakuti iwo ndiwo odziŵa cholembera m'midzi yambiri ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Angathe kulembera makolo zofuna zawo, osawonjezapo kapena kuchotsapo, ndi kusunga chinsinsi.

Ena amaopa kuti kukamba zoterezi ndiko kudziitanira imfa. Koma mlimi wa ku Madisi amamanga chigafa fodya akadali m'munda, ndipo palibe amene amati akulodza fodya wake.