MWANA WA SUKULU AYERETSA DZINA LA MKULU WA SITIMA

Ku America kuli mpikisano wa caka ndi caka wa ana a sukulu, wochedwa National History Day. Mwana asankha nkhani imodzi yakale, nafufuza m'makalata, nafunsa akulu amene anaona zinthuzo ndi maso, ndipo potsiriza aonetsa kwa anthu zimene wapeza. Zambiri za nchito zotere zithera pa mphotho cabe. Koma ya Hunter Scott, mnyamata wa ku Pensacola, inafika patali.

Iye anasankha nkhani ya Indianapolis, sitima ya nkhondo imene Ajapani anaimiza usiku pa 30 July 1945. Munali amuna pafupifupi 1,200. Ngati 900 anagwera m'nyanja amoyo, nakhala m'madzimo masiku anai, alikusauka ndi ludzu, dzuwa ndi nsomba zolusa zochedwa shaki, popeza akulu a kumtunda sanazindikire kuti sitimayo yasowa. Anapulumuka 316 okha.

Mlandu unagwera mkulu wa sitimayo, Kaputeni Charles McVay. Bwalo la asilikari linamtsutsa kuti sanaiyendetse mokhotakhota, monga acitira pozemba adani. Codabwitsa ndi ici: Mochitsura Hashimoto, mdani yemweyo amene anaimiza, anaitanidwa kudzacita umboni, nanena kuti kukhotako sikukadathandiza kanthu. Oweruza sanasamale mau ace. McVay, amene abale ena a akufawo anali kumlembera makalata acipongwe, anadzipha mu 1968.

Hunter anayamba kumva za sitimayi mu 1996 m'kanema wochedwa Jaws, ali mwana wa zaka 11. Anafunsa opulumuka pafupifupi 150, nawerenga makalata mazanamazana. Nkhalambazo, zimene zinali zitadandaulira Boma zaka zambiri osamveka, zinamthandiza ndi mtima wonse. Cimene iye anaonetsa poyera ndico cakuti McVay anapempha sitima yomperekeza namkaniza, ndiponso kuti akulu ace sanamcenjeze mokwanira za sitima za Ajapani zoyenda pansi pa madzi zimene zinali m'njiramo.

Mu 1999 mnyamatayo anacita umboni pamaso pa akulu a Nyumba ya Malamulo ku Washington. Mu October 2000 Pulezidenti Bill Clinton anasaina mau a Nyumbayo oyeretsa dzina la McVay. Cigamulo ca bwalo lija sicinafafanizidwe ai, koma mu 2001 mauwo anaikidwa m'makalata a nchito yace, patapita zaka 33 cimwalirire mwini wace.