Mukadula Nsonga ya Fodya, Mizu Imamva

Alimi a fodya ndi matenanti a m'maesiteti a ku Kasungu, nyengo yodula nsonga ikafika ena mwa inu mumazengereza. Mumati duwa liyambe latuluka bwino. Kuchedwa kumeneku kumakudyerani ndalama pa okushoni ya Chinkhoma, ndipo chifukwa chake chili m'kati mwa mtengo wa fodyawo.

Chomera chili ndi timadzi totumiza uthenga, timene akatswiri amati mahomoni. Ku nsonga kumapangidwa homoni yotchedwa auxin. Imeneyi imatsika ndi tsinde nkumaletsa mphukira za m'khwapa mwa masamba kuti zisamere. Imaletsanso mizu kupanga chikonga chambiri. Ambiri sadziwa kuti chikonga sichipangidwa m'tsamba ayi. Chimapangidwa ku mizu, ndipo chimakwera pamodzi ndi madzi.

Tsono mukadula nsonga mwachita zinthu ziwiri. Mwachotsa gwero la auxin, ndiponso mwavulaza chomera. Bala lija limadzutsa homoni ina, jasmonate, imene imafika ku mizu ndi kutsegula majini opangira chikonga, monga ija yotchedwa PMT. Majini ndiwo malangizo obadwa nawo a m'chomera. Ena amagona mpaka atadzutsidwa. Kwa fodya, chikonga ndi chida chodzitetezera ku mbozi, choncho amayesa kuti wadyedwa ndi chilombo. Chakudya chimene chikadapita ku maluwa ndi njere chimapita ku masamba, mizu imakula, tsamba limatambasuka ndi kulemera.

Kafukufuku wa ku North Carolina, ku America, anaonetsa kuti duwa likangopanga mfundo, tsiku lililonse lochedwa kudula limachotsa pafupifupi kilogalamu 1 pa makilogalamu 100 alionse amene mukadakolola. Werengerani nokha mukachedwa masabata awiri.

Koma auxin ikachoka, mphukira zimapeza ufulu. Pakhwapa limodzi pangatuluke mphukira mpaka zitatu motsatizana. Zithyoleni zikadali zazifupi kuposa chala, kapena thirani mankhwala ophera mphukira monga mlangizi wanu angakuuzeni. Munda wodulidwa nsonga koma wosiyidwa ndi mphukira ndi ntchito yotayika.

Ng'amba nayo ili ndi homoni yake. Dothi la mchenga la kuno siligwira madzi nthawi yaitali. Likauma, monga zinachitikira m'maboma ambiri mu February 2024, chomera chimachulukitsa abscisic acid, imene imatseka timabowo topumira ta pa tsamba. Madzi amasungika, koma kukula kumaima. Tsamba la chaka chotere limakhala laling'ono, lochindikala ndiponso laukali. Apa m'pamene ena amathamangira kuwonjezera feteleza poganiza kuti fodya wafooka ndi njala. Musatero. Feteleza uja amangokhala m'dothi louma, ndipo mvula ikabwera mochedwa chomera chimamumwa nthawi yolakwika. Tsamba limabiriwiranso, limachedwa kupsa, ndipo m'balani limavuta kutulutsa mtundu umene ogula amafuna.

Eni maesiteti, konzani anthu okwanira sabata imene mfundo za maluwa zayamba kuoneka. Tenanti mmodzi ndi banja lake sangamalize kudula nsonga, kuthyola mphukira ndi kukolola masamba a pansi nthawi imodzi.