Mwala wa ku Zomba ndi wa ku Karonga: umboni wake ngosiyana

Akatswiri a miyala amati thanthwe la phiri la Zomba ndi miyala ya ku Mwakasyunguti, m'boma la Karonga, ndi zamsinkhu umodzi, pakuti zonse zili ndi zaka zoposa 100 miliyoni. Komabe amene akufufuza zamoyo zakale amalunjika ku Karonga, osati ku Zomba. Kusiyanaku kunayambira pa mapangikidwe a miyalayi.

Thanthwe la Zomba linachokera kumoto. Linali chiphalaphala chotentha chimene chinakwera kuchokera pansi pa dziko, n'kuzizira pang'onopang'ono chisanatulukire kunja. Miyala yofewa imene inalikuta inakokoloka ndi mvula, n'kutsala mwala wolimba wa syenite umene lero watalika mamita oposa 2,000. Timiyala tonyezimira timene anyamata amagulitsa kwa alendo pamwamba pa phirili tinapangika m'kuzizira komweko. Koma pa kutentha koteroko sipangatsale fupa, tsamba kapena chigoba cha nkhono.

Miyala ya ku Mwakasyunguti inachokera kumadzi. Mitsinje inkaunjika mchenga ndi matope chaka ndi chaka, n'kumakwirira nyama zakufa zisanaoleretu. M'menemo ndi mmene munapezeka mafupa a Malawisaurus dixeyi, chinyama cha khosi lalitali chimene chinapatsidwa dzina lokumbukira Frank Dixey, yemwe ankatsogolera ofesi yofufuza za miyala m'nthawi ya Nyasaland, ofesi imene likulu lake lili ku Zomba. Mmalawi mnzathu Elizabeth Gomani anafufuza mafupawa mwakuya, ndipo chifanizo cha mafupa a chinyamachi chili m'nyumba yosungira zakale ku Karonga.

Kusiyana komweku ndiko kumavutitsa ofufuza chiyambi cha moyo padziko lonse. Dziko lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni, koma umboni wa moyo umene akatswiri ambiri amauvomereza ndi wa zaka pafupifupi 3.5 biliyoni. Unapezeka ku Pilbara, ku Australia, ndi ku Barberton, ku South Africa, m'miyala imene inaundana m'madzi osaya momwe munkakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Miyala yakale kuposa pamenepo yambiri inasungunuka kapena kupsa pansi pa dziko, ndipo zizindikiro zinafufutika. Choncho n'kutheka kuti moyo unayamba kale kuposa umboni umene tili nawo.

Izi sizikutanthauza kuti mwala wamoto ulibe chonena. Mchenga wa mumtsinje ngwosakanikirana, wochokera kumapiri osiyanasiyana, motero n'kovuta kudziwa zaka zake. Mwala wamoto uli ndi timibulu ta zircon, momwe uranium amasanduka mtovu pa liwiro lodziwika, ngati wotchi imene inayamba kuyenda tsiku limene mwalawo unazizira. Timibulu totere ta ku Jack Hills, ku Australia, tili ndi zaka pafupifupi 4.4 biliyoni. Ndipo zaka za umboni wa ku Pilbara ndi ku Barberton zinadziwika poyeza miyala yamoto yoyandikana nawo.

Mwala wonga wa ku Karonga umanena chimene chinali ndi moyo, pamene wonga wa ku Zomba umanena kuti ndi liti. Wofufuza amene ali ndi fupa lokha sangatchule chaka, ndipo amene ali ndi zircon yekha sangatchule chamoyo. N'chifukwa chake mbiri ya moyo imadziwika bwino pamalo ochepa pomwe miyala ya mitundu iwiriyi inasanjikana.