N'chifukwa Chiyani Malembo Amavuta Mnzathu Wochenjera Uja?

Ananu, tengani kamtengo mulembe pansi mawu awiri awa: bambo ndi dambo. Mwaona? Malembo onse ndi ofanana kupatula loyamba lokha. Mimba ya b yayang'ana kumanja, ya d kumanzere. Mu Sitandade 1 pafupifupi aliyense amasokoneza awiriwa, ndipo palibe chodabwitsa. Pakapita miyezi, maso ndi dzanja zimazolowera.

Koma alipo ana ena amene amafika Sitandade 4 kapena 5 kuwerenga kukadawavutabe. Mwina pasukulu panu kuno kwa Dambe ku Mchinji mukumudziwa wina. Tsiku la msika ku Kapiri amathandiza amayi ake kugulitsa tomato, chenji sabweza molakwika ngakhale kamodzi. Pa bawo simungamuthe. Nthano akayamba kukamba, aliyense amakhala chete. Koma aphunzitsi akangoti, "Imirira, werenga ndime yachiwiri," mawu amauma pakhosi. Chala chimanjenjemera pa tsamba. Amatchula phatikizo limodzi, n'kuima, n'kuyambiranso, kwinaku kumbuyo anzake akuseka chamumtima.

Mwana wotere amamva mayina opweteka: wouma mutu, mbutuma, wogona. Ena amati ndi ulesi. Akuluakulu ena amafika ponena kuti analodzedwa. Ine zimandiwawa, chifukwa zonsezi si zoona, ndipo mwanayo nthawi zambiri ndiye amene akulimbikira kuposa kalasi yonse.

Nanga chikuchitika n'chiyani m'mutu mwake?

Kuyankhula palibe anakuphunzitsani pabolodi. Munangomva anthu pakhomo, tsiku lina n'kuti "amama". Kuwerenga n'kosiyana. Ubongo uyenera kulumikiza mbali yake imene imaona ndi mbali imene imamva maliwu, kuti diso likaona "m" ndi "a", m'mutu mumveke "ma" nthawi yomweyo. Zili ngati kanjira kopita kudimba kodutsa m'tchire: anthu akamapondapo tsiku ndi tsiku kamayera, mpaka munthu n'kumayenda osayang'ana n'komwe pansi. Kwa ana ambiri kanjira ka m'mutuka kamayera msanga. Kwa ena udzu wake ndi wolimba, pamafunika kupondapo kambirimbiri, komanso wina wowalondolera.

Madokotala amatchula vutoli kuti dyslexia. Gwero lake lenileni si maso ayi, koma kugawa mawu m'maliwu ake. Mwana amamva "phala" ndi "pala", kapena "ngoma" ndi "ng'oma", amadziwa tanthauzo lake bwinobwino, koma kuti aphwanye mawuwo m'tizidutswa ndi kupeza lembo la kachidutswa kalikonse, apo m'pamene pagona ntchito. Vutoli limayenda m'magazi. Mukafunsa, mwina mupeza kuti amalume ake kapena agogo ake nawonso anasiyira sukulu panjira chifukwa cha zomwezi. Akatswiri ambiri amati pa ana 100 alionse, pakati pa 5 ndi 10 ali nalo. Ndiye tawerengani ana a m'kalasi mwanu, muone kuti angakhalemo angati.

Dzina loti dyslexia analipereka ndi Rudolf Berlin, dokotala wa maso wa mumzinda wa Stuttgart ku Germany, m'chaka cha 1887. Patapita zaka 9, mu 1896, dokotala wina wa ku England, W. Pringle Morgan, analemba za mnyamata wa zaka 14 dzina lake Percy. Anali wochangamuka, masamu ankawatha, pamasewero sankachepera anzake. Koma polemba dzina lake lomwe ankalemba "Precy". Mphunzitsi wake ankaona kuti maphunziro akanakhala apakamwa pokha, mnyamatayu akanaposa onse pasukulupo. Taganizani, zimenezi zinadziwika kalekale, agogo a agogo anu asanabadwe, koma mpaka lero alipo ana akukwapulidwa chifukwa cha vuto lomweli.

Ife tili ndi mwayi pang'ono. Chichewa chimalembedwa monga momwe chimamvekera: a ndi a basi, kulikonse kumene mungamupeze. Choncho mwana wa vutoli amatha kuwerenga Chichewa, ngakhale mwapang'onopang'ono. Mavuto amakula akafika m'makalasi akuluakulu, kumene mabuku ambiri ndi a Chingerezi, chiyankhulo chimene lembo limodzi limamveka mosiyanasiyana ndipo malembo ena amangokhala osatchulidwa, monga k wa mu knife. Ana ambiri amagwa ulesi pamenepa, n'kuyamba kujomba. Kenako mumangomva kuti uje akuweta ng'ombe, kapena wapita kukagwira ganyu m'minda ya fodya kutsidya kwa malire ku Zambia.

Si kuwerenga kokha. Ena amawerenga bwino koma manambala ndiwo amawazunguza: sadziwa msanga kuti 47 ndi 74 wamkulu ndi uti. Ena dzanja limawakanika, zolemba zawo zimakwera ndi kutsika, akamakopera za pabolodi belu limalira ali pakati. Enanso sangathe kukhala phee, maganizo amangothawira panja ngakhale atayesetsa. Onsewa kusukulu amatchedwa ana ophunzira movutikira.

Koma tisafulumire. Mwana akamalephera, choyamba n'kufufuza zinthu zina. Kodi akuona bwino pabolodi? Kodi khutu silikutuluka mafinya? Kodi wadya m'mawa? Njala imatseka mutu wa aliyense. Malungo aakulu, aja okomola, nthawi zina amasiya mwana akuvutika kukumbukira zinthu ngakhale atachira, ndipo madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akufufuza zimenezi kwa zaka zambiri. N'chifukwa chake ulendo wa kuchipatala kukapimitsa maso ndi makutu ndi wofunika.

Tsopano tifike pa thandizo lenilenilo. Mankhwala akumwa a dyslexia kulibe, jakisoni kulibe. Chimene chimathandiza ndi kaphunzitsidwe: pang'onopang'ono, liwu limodzi pa nthawi, mobwerezabwereza, pogwiritsa ntchito maso, makutu ndi manja nthawi imodzi. Mphunzitsi amakhala pansi ndi mwanayo pamthunzi. Amatchula "mmm", mwana amabwereza. Amalemba m wamkulu pamchenga, mwana amatsatira ndi chala uku akutchulabe. Kenako amaumba m ndi dongo, amamuyanika, mawa lake amamugwira maso ali chitsinzinire n'kunena kuti ndi ndani. Akadziwa m ndi a, amaziika pamodzi: ma. Akaonjezera l, pabwera "mala", "lama". Pa masamu amatenga zitsekerero za mabotolo, timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi, kapena njere za mtedza, umene kuno ku Mchinji susowa. Mwana akagwira mitolo 4 ndi timitengo 7, kenako mitolo 7 ndi timitengo 4, manja ake amamuuza okha kuti wamkulu ndi uti. Aphunzitsi athu luso logwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi amalitchula kuti TALULAR, ndipo silifuna ndalama.

Palinso tinthu ting'onoting'ono tothandiza: kumukhazika kutsogolo, kumupatsa nthawi yoonjezera, kumufunsa mafunso ena pakamwa, ndiponso kusamudzidzimutsa kuti awerenge pagulu asanakonzekere. M'masukulu ena a boma, kuyambira 2023, ana a makalasi ang'onoang'ono akuphunzirira pa matabuleti a pulogalamu ya BEFIT, otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa. Ubwino wake ndi woti aliyense amayenda pa liwiro lake, ndipo akalakwa palibe womuseka.

Alipo aphunzitsi amene anachita maphunziro apadera a ntchito imeneyi. Ambiri anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, kumene amasula aphunzitsi a ana osaona, osamva ndi ophunzira movutikira. Ena amakhala pasukulu yokhala ndi chipinda chapadera chothandizira anawa, ena amayendera sukulu zingapo. Vuto ndi loti ndi ochepa. Kuyambira 1994, pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ana anachuluka kwambiri. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'makalasi ambiri ang'onoang'ono amapyola 100. Mphunzitsi wa mtima wabwino chotani sangafike pa aliyense tsiku lililonse.

Komabe dziwani kuti thandizoli si chifundo chabe. Gawo 25 la malamulo aakulu a dziko lathu limati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza anthu a ulumali, ndipo mu 2024 panabwera lina latsopano. Palibe sukulu yololedwa kubweza mwana pakhomo chifukwa choti amaphunzira movutikira.

Kodi mwana wotere angafike patali? Kwambiri. Maggie Aderin-Pocock, wobadwira ku London kwa makolo ochokera ku Nigeria, ali ndi dyslexia ndipo ali mwana sukulu inkamuvuta. Lero ndi katswiri wa sayansi ya zakuthambo, ndipo anagwira nawo ntchito yokonza zida za makina oonera nyenyezi otchedwa James Webb, amene anaulutsidwa mu 2021.

Inu ananu muli ndi mbali yaikulu, mwina kuposa momwe mukuganizira, chifukwa ndinu amene mumakhala naye pafupi. Akamawerenga n'kuima, musamulande mawu m'kamwa. Werengani chamumtima mpaka 5, mumupatse mpata ayesere yekha. Poweruka, khalani naye pansi pa mtengo wa mango, inu muwerenge mzere umodzi, iye wina. Mukatero mumupemphe akuphunzitseni bawo kapena masamu a chenji aja, chifukwa naye ali ndi chake chopatsa. Wina akamuseka, muuzeni poyera kuti, "Iwe, zimenezo ayi."

Ndipo ngati mwana amene ndikunenayu ndiwe wemwe, usabise. Dikira anzako atuluke, upite kwa aphunzitsi amene umawamasukira, unene kuti: "Aphunzitsi, mukamafotokoza ndimamva zonse, koma ndikatsegula buku malembo sandilowa. Mungandithandizeko?" Kunyumba uwauzenso amayi, abambo kapena agogo, apite akaonane ndi aphunzitsi aakulu. Amayi a gulu lothandiza ana pasukulu nawonso angakuperekeze. Aphunzitsi aakulu ndiwo amadziwitsa mlangizi wa maphunziro wa m'dera lanu, a PEA, amene amakhala ku malo osulira aphunzitsi otchedwa TDC, ndipo iwo amadziwa kumene kuli mphunzitsi wa maphunziro apadera woti abwere adzakuone.